VPN siteteza wolemba wa ku China

Ndatopa nalo funso limene limabwera nkhani ya intaneti ya ku China ikangotchulidwa: "Bwanji osangoika VPN?" (VPN ndi pulogalamu yodutsitsa intaneti yanu kudzera pa makina a kwina kuti mutsegule masamba otsekedwa.) Amafunsa ophunzira amene apeza malo a sukulu ku Beijing kapena ku Wuhan, amafunsa amalonda okaoda katundu ku Guangzhou, ngakhalenso atolankhani amene ndinkayesa kuti akudziwa bwino. Onsewa amaganiza kuti vuto la ku China ndi mpanda wotchinga Facebook ndi YouTube, ndipo munthu akaulumpha ndiye kuti wamasuka kulankhula. Ntchito yanga ndi yoteteza makompyuta ndi mauthenga a anthu, ndipo ndinene mosapsatira kuti maganizo amenewa ndi olakwika. Choipa kwambiri n'chakuti amene amavulala nawo si ife alendo, koma anzathu a ku China.

Mpandawo ulipo ndithu. YouTube, Facebook ndi Twitter zinatsekedwa mu 2009. Google inasamutsira makina ake ofufuzira ku Hong Kong mu Malichi 2010. Ku chigawo cha Xinjiang boma linazimitsa intaneti kwa miyezi pafupifupi 10 zitachitika zipolowe za ku Urumqi mu Julayi 2009. Koma mpanda umenewu umatchinga munthu wofuna kuwerenga za kunja. Wolemba wa ku China akufuna kuti amumve anthu akwawo, ndipo anthu akwawo ali pa Weibo, pa WeChat ndi pa Douyin, masamba a mchezo a ku China amene ali mkati mwa mpanda. Pamenepo VPN ilibe ntchito. Zili ngati kudzera njira ya kuseri kwa munda kuti okudikira pamsewu asakuone: ukafika pabwalo n'kutsegula pakamwa, mudzi wonse umadziwa kuti akulankhula ndi mwana wa uje.

Mkatimo zinthu zimayenda motere. Kampani ndi imene imayankha mlandu pa zimene anthu alemba pa tsamba lake, choncho imalemba ntchito anthu ake omwe ofufuta, komanso imaika makina osefa mawu. Boma silisowa kuwerenga uthenga uliwonse. Kampani imafufuta yokha poopa kulandidwa chiphaso. Akaunti iliyonse imamangidwa ku nambala ya foni, nambalayo imamangidwa ku chiphaso cha unzika, ndipo lamulo la chitetezo cha pa intaneti limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Juni 2017 linakhwimitsa zimenezi. Mu Sepitembala 2013 khoti lalikulu la dzikolo linanena kuti uthenga woipitsa mbiri ukagawidwa maulendo 500 kapena kuonedwa maulendo 5,000, wolembayo akhoza kukhala kundende mpaka zaka zitatu. Taganizirani: zolemba zako zikakondedwa ndi anthu ambiri, m'pamene mlandu wako ukukula. Kuyambira mu 2017 mwini gulu la pa WeChat amayankhanso pa zimene mamembala alemba m'gulumo, ndipo kuyambira mu 2022 Weibo imaonetsa chigawo chimene munthu akulembera.

Ena amandiuza kuti malamulo a dzikolo amalola ufulu wolankhula. N'zoona, Gawo 35 la malamulo aakulu a China limanena zimenezo. Koma milandu imene amamangira olemba ndi ina: "kuputa mikangano ndi kuyambitsa chisokonezo", kapena "kukopa anthu kuti agwetse boma". Zhang Zhan, yemwe poyamba anali loya, anapita ku Wuhan kukajambula mmene zinthu zinalili mliri wa Covid-19 utavuta, ndipo mu Disembala 2020 anamulamula kukhala kundende zaka zinayi pa mlandu woyambawo. Dr Li Wenliang sanalembe n'komwe poyera. Pa 30 Disembala 2019 anachenjeza madokotala anzake amene anaphunzira nawo limodzi za matenda atsopano amene anabuka ku Wuhan, m'gulu lawo la pa WeChat. Pa 3 Januwale 2020 anali ku polisi akusainira kalata yomudzudzula. Wina anangojambula uthengawo n'kuufalitsa, dzina lake likuoneka.

Koma nkhani imene imandisowetsa mtendere ndi ya Ruan Xiaohuan. Ndikamamva munthu akudzitama kuti foni yake "ndi yotetezedwa", ndimakumbukira bambo ameneyu.

Ruan anali katswiri wa ntchito yomwe ndimagwirayi, ndipo anagwirako ntchito yoteteza makompyuta a masewera a Olympics a ku Beijing mu 2008. Mu 2009 anayamba kulemba pa Blogspot ya Google, kunja kwa mpanda, pogwiritsa ntchito dzina lobisika limene kunja kuno limadziwika kuti Program Think. Poyamba ankalemba za mapulogalamu a kompyuta. Kenako anayamba kulemba za ndale, za mbiri ya kuphedwa kwa anthu ku Tiananmen mu 1989, za ubale wa mabanja a akuluakulu a chipani cholamula. Koposa zonse, ankaphunzitsa anthu mmene angalumphire mpanda komanso mmene angabisire dzina lawo: kugwiritsa ntchito Tor (pulogalamu yobisa kumene munthu akulowera pa intaneti), kulekanitsa kompyuta yolembera ndi ya ntchito zina, kusasiya kanthu kalikonse kolumikiza dzina lobisika ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Malangizo akewo anali olondola, ndipo iye mwini ankawatsatira mosaphonya. Ngakhale mkazi wake, amene ankakhala naye nyumba imodzi ku Shanghai, sankadziwa kuti mwamuna wake ndi wolemba wotchukayo.

Anapulumuka zaka 12. Nkhani yake yomaliza inatuluka pa 9 Meyi 2021, ndipo tsiku lotsatira apolisi anamutenga pakhomo pake. Mlandu unazengedwa mwachinsinsi, ndipo mu Febuluwale 2023 khoti la ku Shanghai linamulamula kukhala kundende zaka 7 chifukwa cha nkhani zoposa 100 zimene linati zinkakopa anthu kugwetsa boma. Mkazi wake anazindikira zoona chigamulo chitaperekedwa kale, pamene iye mwini analumpha mpanda n'kuyamba kufufuza, n'kupeza kuti wolemba amene anthu ankamulira kuti wasowa anasiya kulemba tsiku lomwelo limene mwamuna wake anagona komaliza kunyumba.

Chimene chimandipweteka n'chakuti Ruan sanali wosasamala. Pa ntchito yathuyi timadziwa kuti wobisala amayenera kuchita zonse molondola tsiku lililonse kwa zaka zonsezo, pamene womusaka ali ndi nthawi, ndalama, makampani a foni ndi a intaneti, ndipo amangodikira. Ngati munthu wa luso lotere anagwidwa, ndiye kapulogalamu ka VPN kamene mwatsitsa mwaulere dzulo kangamuchitire chiyani mnzanu wa m'kalasi? Ndipo musaganize kuti makampani a kunja ndi pothawira. Mtolankhani Shi Tao anatumiza imelo ya Yahoo mu 2004, kampaniyo inapereka zothandiza apolisi kumupeza, ndipo mu 2005 analamulidwa zaka 10. Kumapeto kwa 2005 Microsoft inafufuta tsamba la wolemba Zhao Jing, wodziwika kuti Michael Anti, boma la China litapempha.

Tsono za ma VPN aulerewa. VPN sikuti imafafaniza mapazi anu. Imangosintha amene akuwaona. M'malo mwa kampani ya intaneti, tsopano amene akuona kumene mukupita ndi mwini VPN. Mumamudziwa? Makina oyendetsera VPN amadya ndalama mwezi ndi mwezi, ndiye wokupatsani mwaulere akubweza bwanji ndalama zake? Chonde, musapereke foni yanu kwa anyamata a m'tikanyumba tokonzera mafoni amene amalonjeza kuti "akuikirani yosagwidwa", n'kukuthirirani pulogalamu yothyoledwa yochokera kosadziwika. Pulogalamu yoteroyo ikhoza kuwerenga mauthenga anu, manambala a anzanu ndi zinsinsi za ku banki. Palibe pulogalamu yosagwidwa, ndipo amene akukuuzani kuti ali nayo ndi wabodza kapena sadziwa chimene akugulitsa. Kumbukiraninso kuti ku China VPN yopanda chilolezo cha boma ndi yoletsedwa. Mu 2017 Apple inachotsa ma VPN ambiri m'sitolo yake ya ku China, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Wu Xiangyang wa ku Guangxi analamulidwa zaka zisanu ndi theka chifukwa chogulitsa VPN. Mukauza mnzanu wa komweko kuti akupezereni, dziwani chimene mukumusenzetsa.

Kuzengereza nakonso kumapweteketsa anthu. Ambiri amayamba kuganiza za zimenezi atatera kale, apeza kuti WhatsApp, Gmail ndi Play Store sizikutseguka, kenako chifukwa cha kusowa pogwira amalandira chilichonse chimene wina wawatumizira. Konzekerani musananyamuke. Funsani sukulu kapena kampani imene ikukuitanani za njira yovomerezeka, uzani akwanu mmene mudzalumikizirane, ndipo chotsani m'foni zinthu zimene zingaike anthu ena m'mavuto. Mu Novembala 2022, pa zionetsero zotsutsa malamulo okhwima a Covid-19 zimene anthu ankanyamula mapepala oyera, apolisi ankaimitsa anthu mumsewu ku Shanghai n'kumayang'ana m'mafoni ngati muli VPN kapena pulogalamu yotumizirana mauthenga ya Telegram.

Za WeChat ndiye ndinene mobwereza. Mauthenga ake sabisika kwa kampani yake, Tencent. Ofufuza a Citizen Lab ku Toronto anaonetsa mu 2020 kuti ngakhale zithunzi ndi mafayilo otumizirana pakati pa maakaunti a kunja kwa China amaunikidwa. Choncho musamutumizire mnzanu wa ku China chithunzi cha Tiananmen kuti muone ngati akuchidziwa. Musamufunse pa WeChat maganizo ake pa mtsogoleri wa dzikolo Xi Jinping, Taiwan kapena Xinjiang. Inu mwina akutsekerani akaunti, mwina akukanizani viza. Iye ndi amene adzaitanidwe ku polisi, abwana ake n'kuuzidwa, makolo ake n'kuchezeredwa. Akasintha nkhani kapena akangoti zii, musamukakamize.

Atolankhani, inu ndiye chonde. Musafalitse chithunzi cha uthenga wa munthu wa ku China musanaphimbe dzina lake, nkhope yake, nthawi imene analemba, chigawo chake ndi dzina la gulu. Ngati gululo ndi la anthu ochepa, kuphimba dzina sikokwanira, chifukwa mawu okhawo amaulula mwini wake. Lembani mfundo yake m'mawu anu, ndipo mufunseni kaye, kudzera njira ina osati WeChat, ngati akuvomera kuti ituluke.