Makala Osafuka Utsi Amaphanso

Ambiri kuno ku Mchinji timakhulupirira kuti makala akayaka bwino n'kufiira psuu, utsi utatha, mbaula ikhoza kugona m'nyumba. Chisanu chikalimba mu June ndi July, timaiika pakati pa chipinda, mazenera otseka, mpata wa pansi pa chitseko n'kutsekanso ndi chiguduli.

Komatu chimene chimapha anthu sichioneka ndi maso. Makala akamayaka pamalo posapita mphepo amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, wopandanso mtundu. Mpweyawu umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, choncho ubongo ndi mtima zimasowa mpweya wabwino. Munthu amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo ambiri amangoti ndi malungo. Choopsa kwambiri n'chakuti amene ali m'tulo sadzidzimuka n'komwe. Makanda ndi amayi oyembekezera ndiwo amafooka msanga.

Chonde, tulutsani mbaula panja musanagone, ana muwafunditse bulangete lowonjezera. Banja lonse likamva mutu nthawi imodzi, tulukani msanga, siyani zitseko zotsegula, ndipo kuchipatala mukawauze adokotala za mbaulayo.