Horasan: dzina la kum'mawa pa makoma a Evrenos

Mmisiri wa ku Turkey akatchula horasan, amanena matope omangira opangidwa ndi laimu, mchenga ndi njerwa zootcha zosinjidwa. Ku Bulgaria amati horosan, ku Greece amati kourasani. Onsewa ndi dzina la dziko: Khorasan, chigawo cha kumpoto chakum'mawa kwa Iran chomwe chinkafika ku Afghanistan ndi Turkmenistan. M'chinenero cha ku Persia, dzinali limatanthauza kotulukira dzuwa.

Koma dzina lisatinamize. Aroma ankasakaniza kale ufa wa njerwa ndi laimu pomanga zitsime ndi mosambira, chifukwa matope otere amauma gwa ngakhale pachinyontho. Nyumba ya Hagia Sophia ku Istanbul, yomwe inali tchalitchi pamene inatha kumangidwa mu 537, ili chilili pa matope ofiirira omwewa. Luso linali la eni nthaka. Obwera, anthu a ufumu wa Ottoman wa ku Turkey, anabweretsa dzina.

M'modzi mwa obwerawo anali Gazi Evrenos, mkulu wa nkhondo wa m'malire a ufumu wa Ottoman, udindo umene ankautcha uç beyi. Ntchito yake inali kukhala kumene ufumu ukuthera n'kumakankhira malirewo kutsogolo. Analanda Komotini m'zaka za m'ma 1360, kenako Serres mu 1383, ndipo likulu lake linkasamuka motsatira malire mpaka kukakhazikika ku Giannitsa, mizinda yomwe lero ili kumpoto kwa Greece. Anamenya nawo nkhondo ya ku Kosovo mu 1389 ndi ya ku Nicopolis mu 1396. Mafumu ankasinthana, Murad, Bayezid, Mehmed, iye ali pomwepo. Anamwalira mu 1417, ndipo anthu amasimba kuti anakwanitsa zaka 129, ngakhale kuti apa ndikuona ngati osimbawo anathira mchere wambiri.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti munthu wa lupangayu amakumbukikanso ndi makoma. Akalanda mudzi ankamanga: nyumba yogona apaulendo ku Traianoupoli, m'mbali mwa msewu wakale wa Aroma wa Via Egnatia, ndi imaret ku Komotini, nyumba yodyetsera osauka ndi alendo kwaulere. Sikuti kunali kukoma mtima kokha ayi. Pamene pali chakudya anthu amakhazikika, ndipo malo olandidwa dzulo amasanduka mudzi.

Imaret ya ku Komotini ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri za Ottoman ku Ulaya, koma kayalidwe ka miyala ndi njerwa zake n'ka amisiri a Byzantium, ufumu wa Aroma wa kum'mawa, anthu omwe Evrenos anawagonjetsa. Lero nyumbayi ili m'manja mwa mpingo wa Orthodox, ndipo muli zithunzi za oyera mtima ndi zovala za ansembe.