Kutsalira m'Kalasi Sikutanthauza Kupanda Nzeru

Makolo ambiri kuno ku Mangochi amakhulupirira kuti mwana wa Sitandade 1 amene akutsalira pa mayeso ndi wopanda nzeru, koma nthawi zambiri chimene mayesowo amayeza ndi msinkhu. Boma limati mwana ayambe sukulu ali ndi zaka 6, komabe m'kalasi imodzi mumapezeka wobadwa mu Okutobala ndi wobadwa mu Ogasiti chaka chotsatira, osanenanso za wa zaka 9 amene anachedwa chifukwa chothandiza kukoka khoka kunyanja.

Pa msinkhu umenewu miyezi 10 ndi yambiri, moti wamng'onoyo amavutika ngakhale kugwira pensulo bwinobwino. Akalemba mayeso amodzi, wamkuluyo amatsogola ndipo wamng'onoyo amabwerezedwa kalasi, chonsecho kusiyana kumeneku kumachepa anawo akamakula.