Galu wanu akhoza kukalamba pakhomo

Galu wosamalidwa bwino amakhala zaka 10 mpaka 13, koma kuno ku Kasungu ambiri amafa akadali aang'ono, ndi matenda oti tikanawapewa.

Yambani ndi katemera wa chiwewe. Kagalu kabayidwe kakakwanitsa miyezi 3, kenako chaka chilichonse. Alangizi a ziweto akalengeza za katemera, makamaka nyengo ya 28 September, tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe padziko lonse, pitani naye ngakhale akuoneka wamphamvu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa, chiwewe chimasiya kufala m'deralo. Inu okhala kufupi ndi Kasungu National Park, musalole galu kuyendayenda usiku, chifukwa nkhandwe nazo zimafalitsa nthendayi. Galu akaluma munthu, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikayamba kuonekera mwa munthu sichichizika.

Kagalu kotupa mimba, kowonda, kaubweya wosasalala, nthawi zambiri kali ndi njoka zam'mimba. Kapatseni mankhwala a njoka milungu iwiri iliyonse mpaka kafike milungu 12. Wamkulu, miyezi itatu iliyonse. Kakamasanza ndi kutsegula m'mimba mwamagazi, musadikire mawa: matenda a parvo amapha tiagalu m'masiku ochepa, ndipo nawonso ali ndi katemera.

Pali chizolowezi chimodzi chimene chimandipweteka mtima. Anthu ena akaona nkhupakupa ndi utitiri amatenga mankhwala opopera fodya kapena chimanga n'kusambitsa nawo galu. Mankhwalawa amalowa pakhungu, galu amanyambitanso ubweya wake, kenako amayamba kutuluka dovu, kunjenjemera, mpaka kufa. Gulani opangidwira agalu m'sitolo ya mankhwala a ziweto, ndipo funsani muyezo wake. Panado ndi brufen nawonso musamupatse, amaononga chiwindi ndi impso zake.

Mkute wa nsima wokha sumanga thupi. Onjezerani usipa, bonya kapena soya wophika, ndi madzi oyera pamthunzi tsiku lonse, makamaka mu October kukatentha. Mafupa a nkhuku ophika amathyoka mosongoka n'kubaya matumbo, choncho atayeni pomwe galu sangafike, monganso mankhwala a makoswe.

Ngati simukufuna ana agalu ena, funsani alangizi a ziweto za kufula wamphongo kapena kutseka wamkazi. Wofulidwa sathamangira zazikazi m'midzi ya eni, komwe ambiri amakalumidwa, kugendedwa kapena kugundidwa pamsewu wa M1.