Tcheni amene anayeza minda ya tiyi

Mkangano wa malire pakati pa mudzi ndi esiteti ku Thyolo kapena ku Mulanje ukafika povuta, pamatuluka mapepala akale. Pamenepo vuto lina limabadwa, chifukwa amene anayeza malowo sankagwiritsa ntchito mita kapena hekitala. Iwo ankawerenga matcheni, malinki ndi maekala.

Tcheni ameneyu anali weniweni, wachitsulo, wokokedwa pansi ndi anthu awiri. Anamupanga Edmund Gunter ku England mu 1620. Kutalika kwake ndi mafiti 66, kapena mayadi 22, omwe ndi mamita 20.1168 a lero. Anali ndi mfundo 100, iliyonse yotchedwa linki, yotalika mainchi 7.92, kupitirira pang'ono masentimita 20. Matcheni 80 ndiwo mailo imodzi, ndipo bwalo la mpira wamiyendo ndi lotalika pafupifupi matcheni 5.

Nambala ya 66 ikuoneka yosokoneza, koma Gunter anaisankha dala. Malo otalika matcheni 10 ndi tcheni mmodzi m'lifupi ndiwo ekala imodzi ndendende. Woyeza ankangochulukitsa matcheni a m'litali ndi a m'lifupi, n'kugawa ndi 10, maekala apezeka. Choncho ekala imene tinazolowera pogula feteleza imagwirizana ndendende ndi tcheni uja, ngakhale tcheniyo tinamuiwala kalekale. Ekala ndi hekitala 0.4047, ndipo hekitala imodzi ndi maekala 2.471. Munthu wosinthanitsa mayina awiriwa pakamwa wakulitsa kale munda kuposa kawiri asanagwire n'khasu lomwe.

Msampha waukulu uli pa linki. Mbali ya munda yolembedwa 500 m'malinki ndi mamita 100.6. Wina akaiwerenga ngati mafiti apeza mamita 152.4, ndiye kuti malire asuntha ndi mamita pafupifupi 52, malo okwana nyumba zingapo ndi munda wa nanazi. Kuonjezera apo panalinso tcheni wina wa mainjiniya wotalika mafiti 100, amene linki yake ndi futi yathunthu. Pepala likangoti tcheni, funsani kaye kuti tcheni wake uti. Kukula kwa malo nakonso Angerezi ankakonda kukulemba m'manambala atatu: maekala, ma rood ndi ma perch. Rood ndi gawo limodzi mwa magawo 4 a ekala, perch ndi gawo limodzi mwa magawo 160. Ndiye 12-2-20 si maekala 12.22 ayi, ndi maekala 12.625, kapena mahekitala 5.11.

Masamuwa ndi osavuta. Chovuta ndi pamene tcheniyo anayambira. Azungu asanayeze kanthu anali atatenga kale malo kwa mafumu, ena posinthana ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Kuyambira 1892 boma la atsamunda lotsogoleredwa ndi Harry Johnston linayamba kutsimikizira umwini wa malowa popereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Ku Mulanje nthawi imeneyo Henry Brown anali atangobzala tiyi ku Thornwood mu 1891. Malire ambiri poyamba ankangotchulidwa ndi mitsinje, mapiri ndi mitengo, kuyeza kwenikweni kunabwera pambuyo. Mtsinje umasintha njira, mtengo umagwa. Manambala a pa mapu angakhale olondola mpaka pa linki, koma anaikidwa pa malire amene mfumu ndi mzungu sanawamve mofanana.

Zikalata zambiri zinali ndi mawu oletsa kusamutsa midzi ndi minda imene inalipo kale. Koma midziyo sinayezedwe n'kuikidwa pa mapu mmene anayezera maesiteti, ndipo Alomwe ochuluka amene anabwera pambuyo pake kuchokera ku Mozambique sanatetezedwe ndi mawuwo. Anakhala pa malo a eni mwa thangata, kugwira ntchito m'malo mwa lendi. Kafukufuku wa za malo amene boma la atsamunda linatuma Sidney Abrahams kuchita mu 1946 analimbikitsa boma kugula malo amene maesiteti sankawalima, koma mkwiyo unaphulikabe ku Thyolo mu 1953.

Lero woyeza malo amabwera ndi makina a GPS n'kusaka mabikoni akale, zizindikiro za malire, m'tchire. Akaipeza bikoni amasintha malinki kukhala mamita pochulukitsa ndi 0.201168. Anthu a m'mudzi amaima chapatali, n'kumulozera manda a agogo awo amene ali mkati mwa mizere ya tiyi.