Perete wokweza mbendera amawerengedwa ndi mapazi

Anthu akapita kukaonerera mwambo wokweza mbendera, maso awo amathamangira pa miyendo. Msilikali akaponya mwendo m'mwamba kwambiri, m'manja mumawombedwa. Ife amene timaphunzitsa perete sitiyang'ana kumeneko. Choyamba timatchera khutu. Asilikali makumi asanu akamenya pansi nthawi imodzi, phokoso liyenera kumveka kamodzi, lakuthwa, n'kutha pomwepo. Likamveka mokoka, ngati chimanga chikukhuthulidwa m'thumba, ndiye kuti gululo silinapse, ngakhale jombo zikhale zowala chotani.

Chinsinsi cha phokoso limodzilo ndi manambala awiri amene msilikali aliyense amawaloweza ndi thupi: kutalika kwa sitepe imodzi, ndi kuchuluka kwa masitepe pa mphindi. M'gulu la nkhondo la Britain, komwe mayiko ambiri a Commonwealth adatengako kagubidwe kawo, sitepe imodzi ndi mainchesi 30, amene ndi masentimita pafupifupi 76, ndipo poguba mofulumira amaponda masitepe 116 pa mphindi. Poguba pang'onopang'ono, monga pa maliro kapena podutsitsa mbendera pamaso pa gulu, masitepe amatsika kufika pa 65. Asilikali a ku America sitepe yawo ndi yomweyo ya mainchesi 30, koma amaponda 120 pa mphindi. Ndiye pali magulu amene ali ndi liwiro lawolawo chifukwa cha mbiri yawo. Gulu la The Rifles ku Britain limaponda 140, moti ukaliona umangoti likuthamangira kwina. Gulu la French Foreign Legion limaponda 88 basi, n'chifukwa chake pa perete wa pa 14 Julaye ku Paris limadutsa pomalizira pa magulu oyenda pansi, kuti lisachedwetse anzawo a m'mbuyo.

Wamtali ndi wamfupi onse amaponda sitepe yofanana. Wamtali amaphunzira kudziletsa, wamfupi amaphunzira kutambasula. Pofuna kuti zimenezi zisakhale zongoyerekeza, masajeni meja a ku Britain amanyamula ndodo yotchedwa pace stick, ya miyendo iwiri yolumikizidwa pamwamba, imene amaitsegula pa muyeso wa sitepe n'kumaizunguza pansi akuyenda pambali pa gulu. Ndodoyo siikondera munthu. Msilikali akalakwa ndi masentimita awiri okha pa sitepe iliyonse, pakutha masitepe 100 amakhala atasiyana ndi mnzake ndi mamita awiri, ndipo mzere umene unayamba woongoka umafika pa mlongoti utapindika.

Pali vuto lina limene oonerera ambiri salidziwa, ndipo ine ndimaliona kuti ndilo lokondweretsa koposa. Mawu amayenda mu mpweya pa liwiro la mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Gulu likamaponda masitepe 120 pa mphindi, sitepe imodzi imatenga theka la sekondi. Tsono msilikali amene ali mamita 170 kuchokera pamene pali bandi amamva ng'oma itachedwa ndi sitepe yathunthu. Ng'oma yaikulu imagunda pa phazi lamanzere, koma iye akamatsatira khutu lake mokhulupirika, amaponda lamanzere pamene anzake a pafupi ndi bandi akuponda lamanja. Sanalakwe kumva ayi, mawu ndiwo afika mochedwa. Pa bwalo lalikulu, choncho, gulu silidalira khutu lokha. Bandi imaikidwa pamalo oganiziridwa bwino, mtsogoleri wa bandi amapereka zizindikiro ndi ndodo yake yaitali imene imaoneka patali, ndipo msilikali aliyense amasunga liwiro m'mutu mwake, diso likuba pang'ono kwa mnzake wa kutsogolo ndi wa kudzanja lamanja. Ngakhale inu oonerera zimakupusitsani. Mukakhala kutali, mumaona mapazi akutera pansi phokoso lisanakufikeni, n'kumaganiza kuti asilikali aphonya ng'oma.

Kalamulidwe nako kali ndi muyeso wake. Lamulo la perete limabwera m'zigawo ziwiri. Chigawo choyamba chimakokedwa, ndipo ntchito yake ndi kuchenjeza gulu za chimene chikubwera. Chachiwiri ndi chachifupi, chokuwa, ndipo ndicho chimauza thupi kuti tsopano. Mukamva "Quick..." kenako kadukidwe pang'ono, kenako "march!", kadukidweko si kokometsera. Ndi mpata woti anthu zana akonzekere kuchita chinthu chimodzi pa kamphindi kamodzi. Gulu likakhala kuti likuyenda kale, chigawo chachiwiricho chimaperekedwa pa phazi loikika, ndipo wolamula akachiponya pa phazi lolakwika, gulu lonse limasokonekera ngakhale asilikaliwo akhale akatswiri. Perete akawonongeka, nthawi zambiri mlandu umakhala wa mwini mawu, osati wa eni mapazi.

Pakati pa kachitidwe kamodzi ndi kotsatira pamakhalanso kupuma kowerengeka. Ophunzira usilikali m'kagubidwe ka Britain amayamba ndi kuwerenga mokweza, "one, two three, one", mpaka kuwerengako kutalowa m'mafupa. Tsiku la mwambo pakamwa pamakhala potseka, koma m'mutu mwa aliyense kuwerenga kumapitirira. Mukaona mfuti zonse zikukwera, kuima kaye, n'kutsika pamodzi, dziwani kuti aliyense wa anthuwo akuwerenga chamumtima.

Zonsezi sizinayambe ngati chionetsero. Kale mfuti zinkawomba chipolopolo chimodzi, ndipo kuikamo china kunali ntchito ya magawo ambiri. Gulu limene linkatha kuyenda, kutembenuka ndi kuwombera pamodzi ndilo linkapulumuka. Pamene Baron von Steuben, msilikali wochokera ku Ulaya, ankaphunzitsa asilikali a George Washington ku Valley Forge, ku America, mu 1778, ankawakonzekeretsa nkhondo, osati alendo olemekezeka. Lero palibe amene amapita kunkhondo ali pa mzere, koma kuguba kudatsala chifukwa kumaphunzitsa munthu kumva lamulo n'kulichita pomwepo, podziwa kuti mnzake wa pambali akuchitanso chimodzimodzi. Ndipo mphamvu ya mapazi ogunda pamodzi si yongonena. Mu 1831 mlatho wolenjekeka wa Broughton, kufupi ndi Manchester, udagwa asilikali akuguba pamwamba pake, ndipo kuchokera pamenepo lamulo lidakhala loti gulu likafika pa mlatho lisiye kuponda pamodzi. Pa mlatho wa Albert ku London zikwangwani zokumbutsa asilikali zimenezi zikadalipo.

Tsopano tifike pa mlongoti, pamene pali ntchito yovuta kuposa yonse ngakhale imaoneka yopepuka. Mbendera iyenera kuyamba kukwera pamene nyimbo ya fuko kapena lipenga layamba, ndipo ifike pamwamba ndendende pamene nyimbo ikutha. Ikafika msanga, wokoka chingwe amangoima manja ali m'mwamba nyimbo ikupitirira. Ikachedwa, bwalo lonse limakhala chete kudikira nsalu imene ikukwerabe, ndipo masekondi atatu otere amatalika modabwitsa. Choncho wokoka amachita masamu mwambo usanafike. Tinene kuti mbendera iyenda mamita 12 ndipo nyimbo ndi ya masekondi 60. Ngati kukoka kumodzi kumakweza theka la mita, pafunika kukoka ka 24, kamodzi pa masekondi awiri ndi theka alionse. Wokoka waluso amadziwa kuti nyimbo ikafika pa mzere wakutiwakuti, mbendera iyenera kukhala pakati pa mlongoti, ndipo akaona kuti watsalira amawonjezera pang'onopang'ono, osati kudzakoka mwaphuma kumapeto. Koma masamuwo amasokonezedwa ndi zinthu zimene sizili m'manja mwake. Mphepo ikakula mbendera imalemera ndipo imakokera chingwe kumbali. Mvula ikagwa chingwe chimaterera. Bandi ikatengeka ndi mwambo imatha kuthamangitsa nyimbo kusiyana ndi tsiku loyeserera. N'chifukwa chake kuyeserera ndi nyimbo yojambula kokha sikukwanira. Wokoka ayenera kumva bandi yeniyeniyo, pa mlongoti weniweniwo.

Ku Tiananmen mumzinda wa Beijing mbendera imakwera tsiku lililonse dzuwa likamatuluka, kotero nthawi ya mwambo imasintha malinga ndi nyengo, ndipo asilikali amawerengera chobwerera m'mbuyo kuti adziwe mphindi yonyamukira. Kwa zaka zambiri kukwezako kunkatenga mphindi 2 ndi masekondi 7. Kuyambira pa 1 Januwale 2018 mwambowu udachoka m'manja mwa apolisi onyamula zida n'kupita kwa gulu la ulemu la asilikali a dzikolo. Kagubidwe kawo n'koongola mwendo, phazi likukwera masentimita pafupifupi 25 kuchokera pansi, sitepe ya masentimita 75. Onani kuti ngakhale pamenepo kutalika kwa phazi kuli ndi malire ake. Wokweza kupitirira muyeso walakwa mofanana ndi wosafika.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi okonda miyendo ya m'mwamba. Pa chipata cha Wagah, m'malire a India ndi Pakistan, asilikali a mbali ziwirizi akhala akutsitsa mbendera madzulo alionse kuyambira mu 1959, ndipo khamu limakuwa akamaponya miyendo mpaka kufika kumutu. Zimasangalatsa, sindikana. Koma luso lenileni pa mwambo umenewo lili pa zingwe: mbendera ziwiri za mayiko osamvana zimatsika mofanana, popanda ina kukhala pansi pa inzake, zikukokedwa ndi anthu a magulu awiri osiyana. Chimenecho ndicho ndingauze wophunzira wanga kuti aonetsetse.

Malamulo ena a mbendera ndi achidule. Isakhudze pansi, n'chifukwa chake pamakhala wina woigwira mpaka itachoka m'manja. Malamulo a ku America amati ikwere mwachangu koma itsike pang'onopang'ono. Pa nthawi ya chisoni, imayamba yafika pamwamba penipeni kenako n'kutsitsidwa kufika chapakati pa mlongoti, ndipo madzulo imakwezedwanso kaye isanatsike. Zokowera zimayang'anidwa kawiri, ndi anthu awiri, chifukwa mbendera yokwera chadodolido pamaso pa khamu ilibe pobisala. Ya Britain ndiyo imapusitsa ambiri, popeza mizere yake yoyera yopingasa si yofanana kukula, ndipo wosadziwa saona kuti yatembenuka. Palinso njira ina imene mbendera imakwezedwa itakulungidwa n'kutambasulidwa ili kale pamwamba pokoka chingwe kamodzi. India imagwiritsa ntchito njira zonse ziwiri: pa 15 Ogasiti nduna yaikulu imakweza mbendera ku Red Fort mumzinda wa Delhi, pamene pa 26 Januwale pulezidenti amaitambasula ili pamwamba. Njira yachiwiriyi imadalira mfundo ya chingwe. Ikamangidwa molimba kwambiri siimasuka, ikamangidwa mofooka imamasuka panjira.

Nanga aja aima chilili nthawi yonseyi? Kuima njo ndi ntchito yolemetsa kuposa kuguba. Zidendene zimagundana, mapazi amatseguka pa madigiri 30 m'kagubidwe ka Britain kapena 45 m'ka America, manja ali m'mbali, maso kutsogolo. Munthu akaima chotero nthawi yaitali, makamaka padzuwa, magazi amadikha m'miyendo chifukwa akatumba amene amawakankhira kumtima sakugwira ntchito. Ubongo ukachepekedwa magazi, msilikali amaona mdima n'kugwa. Si ulesi kapena kufooka, zimagwera ndi amphamvu omwe. Timawalangiza kuti adye ndi kumwa madzi mwambo usanayambe, asaumitse mawondo, azigwedeza zala m'kati mwa jombo ndi kumafinya akatumba mosaonetsera. Wina akagwa, oyandikana naye sasuntha. Pamakhala anthu oikidwiratu kumbuyo kwa mizere oti amunyamule, ndipo mwambo umapitirira.

Kagubidwe kamanenanso za mwini dziko. Apolisi a ku Hong Kong adaguba mwa Chibritishi kwa zaka zambiri, ngakhale mzindawo utabwerera ku China mu 1997, koma kuyambira pa 1 Julaye 2022 adasinthiratu n'kuyamba kuguba mwa Chitchaina. Ngakhale sawatcha imasiyana m'dziko limodzi: msilikali wa pamtunda wa ku Britain amaonetsa chikhatho kutsogolo, pamene wa pamadzi amachiyang'anitsa pansi. Choncho musafulumire kunena kuti gulu lalakwitsa chifukwa likuchita mosiyana ndi lina limene mudaliona pa kanema. Gulu lililonse limayesedwa ndi buku la malamulo ake.

Mukadzapezeka pa mwambo wotere, yang'anani gulu likamakhota. Wa m'kati amafupikitsa sitepe, wa kunja amayenda mtunda wautali, ndipo onse a pakati ayenera kugawana kusiyanako kuti mzere ukhote uli woongoka. Yang'ananinso pamene lamulo loyang'ana kumanja laperekedwa podutsa pa nsanja ya alendo: mitu yonse imatembenuka kupatula wa munthu wa kumapeto kudzanja lamanja, amene amayang'anabe kutsogolo kuti gulu lisasochere. Oonerera ena amamuseka poganiza kuti waiwala, chonsecho iye ndi amene wasankhidwa mosamala kuposa onse pa mzerewo.