"Pamalo panga ndimanga momwe ndikufunira" si zoona

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva mawu amenewa kuno ku Dedza, ndipo anditopetsa. Akuti malo akakhala ako, mnzako woyandikana naye alibe chonena.

Malo ndi anu, inde, koma udindo ulipo. Mukakumba maziko pafupi ndi mpanda wa mnzanu, dothi n'kugumuka, khoma lake n'kung'aluka, mlandu ndi wanu ndipo mukhoza kulipitsidwa. Kuno nyumba zambiri zili pamtsetse, ndiye zimenezi sizichedwa mvula ikayamba. N'chimodzimodzi malata otuluka kunja kwa malire, othira madzi pakhoma la eni ake. Khoma limene munamanga mothandizana, simungaligwetse nokha.

Musangokhulupirira zonena zanga. Ngati puloti yanu ili ndi mapepala, onani mapu ake ndi mabikoni, zizindikiro zija zosonyeza malire. Kuzula bikoni ndi mlandu. M'tauni funsani kukhonsolo, chifukwa pulani ya nyumba imayenera kuvomerezedwa musanamange. Kumudzi itanani amfumu ndi eni mbumba a mbali zonse ziwiri, aloze malire njerwa isanayalidwe.

Chonde abale, zimene simunafufuze musamauze ena ngati lamulo, kaya pamaliro kaya pa WhatsApp.